Mkwatibwi wa M'manja mwa Chóforo

Mwamuna wanga, Crisóforo Ontiveros, anabadwa pa 20 Epulo 1929. Dzinalo palibe anamusankhira: amayi ake anangoyang'ana pa kalendala ya oyera mtima n'kutenga limene analipeza pa tsikulo. Tonse tinkangomutchula kuti Chóforo. Ntchito yake inali yonyamulira katundu anthu osamuka. Iye ndi mkulu wake anali ndi lole yakale yobiriwira imene inkaima pafupi ndi msika wathu wa ku Guerrero, ndipo sindikhulupirira kuti mu mzinda uno wa Mexico muli nyumba yosanja yakale imene Chóforo sanatsitsemo kabati pamsana.

Tinamanga ukwati Loweruka pa 12 Meyi 1956. Bambo anga anabwera kutchalitchi atakwinya nkhope, chifukwa sankamvetsa kuti mwana amene anamuphunzitsa mpaka kukhala mphunzitsi angakwatiwe bwanji ndi mtengatenga. Azakhali anga dandaulo lawo linali lina: nkhope ya mkwatiyo. Chóforo anali wamtali, wa masaya olowa, maso ali kutali m'kati, nsidze zakuda zogundana pakati. Ana akakumana naye pamasitepe ankabwerera. Koma munthuyo anali wofatsa zedi. Khoswe akadutsa m'nyumba, wogwira tsache ndinali ine.

Masiku amenewo aliyense ankawerenga timabuku tazithunzi: m'basi, kometetsa, pabenchi ya kuchipatala. Pageti la mpanda wa nyumba zalendi umene tinkakhalamo, doña Chole, mayi wamasiye wapakamwa, ankayanika timabukuti pachingwe ndi mapegi ngati zovala, ndipo wosakwanitsa kugula ankabwereka n'kuwerengera pomwepo atakhala panjerwa. Anthu ankalimbirana toopsa. Poyamba timabuku toopsato tinali ta ku America, tongomasuliridwa, koma cha m'ma 1954 akuluakulu a kumeneko anagamula kuti mitembo ndi anamapopa zikuwononga ana, ndipo katunduyo anayamba kusowa. Osindikiza athu sanadandaule nthawi yaitali. Anati akufa tili nawo athu, tigulirenji a eni? Basi, panabuka ansembe opanda mitu, masisitere omangiridwa m'zipupa, eni migodi obwerera kudzafuna siliva wawo, zonse zosindikizidwa ndi inki yofiirira ngati khofi imene inkatsalira m'zala. Ine m'kalasi ndinkalanda timabukuti sabata iliyonse. Ana ena amene buku la boma linkawakanika ankawerenga mawu a mzukwa osadodoma n'kamodzi komwe, koma ndinkalandabe.

Pa 3 Malichi 1959 Chóforo anapita kukasamutsa bambo wina dzina lake don Eleuterio Zamudio, mwini kakampani kosindikiza timabuku totere. Timabuku take tinali tosiyana ndi ta anzake: m'malo mwa zojambula pamanja, ankaikamo zithunzi za kamera, za anthu enieni. Chóforo akutsika masitepe atakumbatira wotchi yaikulu yoimika pansi, ija yooneka ngati bokosi la maliro, don Eleuterio anakuwa ali m'munsi.

"Ima pomwepo, mkulu! Usasunthe!"

"Ndaswa chiyani, bwana?"

"Nkhope imeneyo wakhala ukuibisa kuti zaka zonsezi? Unayamba wafapo iwe?"

"Ayi bwana, mpata ukusowa."

Madzulo ake anandifotokozera akuseka kuti Lachitatu lililonse masana azikajambulidwa ngati mzukwa. Inenso ndinaseka. Ndinati ngati pali munthu wofuna kulipira nkhope imene ine ndimaiona ulere, alipire.

Kabuku koyamba kanatuluka Lachisanu pa 17 Epulo 1959. Mutu wake unali Wosagona: nkhani ya munthu amene anaphedwa pa tsiku la ukwati wake, ndiye amadzuka kumanda n'kumaba akwatibwi a anzake. Ndikuchokera kusukulu, doña Chole anandikodola ndili patali.

"Aphunzitsi, tafulumirani! Mwalandira mkazi mnzanu koma osatiuza? Tikanakuthandizani kuphika."

Anandipatsa kabukuko osachotsa n'pegi yomwe. Pachikuto panali Chóforo pakati pa manda, atafunda chinsalu chakuda chong'ambika. M'manja mwake munali mtsikana wovala diresi la ukwati, atakomoka, mutu utagwera kumbuyo, tsitsi likukhudza pansi, khosi lonse lili pamtunda, phazi limodzi lopanda nsapato. Dzanja limene linagwira chiuno chake ndinkalidziwa mpaka chipsera cha chingwe cha pachala chachikulu. Koma chimene chinandilasa si dzanjalo ayi. Inali nkhope. Mwamuna wanga ankamuyang'ana mtsikanayo ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anataya kalekale, ndipo akuopa kupuma kuti chingamuthawenso. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo m'nyumba mwanga. Ndipo munthu amene ananyamula makabati a mzinda wonseyu, ine anali asanandinyamulepo, ngakhale pa tsiku la ukwati. Anati dzulo lake anali atakweza chitofu chachitsulo, msana sunali bwino.

Atafika ndinamuikira kabukuko pamwamba pa mbale yake ya nyemba.

"Ndani ameneyu?"

"Aa, katuluka? Taona chinsalucho mmene chandikhalira!"

"Ndafunsa kuti ndani ameneyu."

"Sindikumudziwa."

"Sukumudziwa. Dzanja ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Nanga chiunochi?"

"Linda, mtsikanayu sindinamuonepo ndi maso angawa. Ine ndinanyamula matiresi."

"Matiresi a tsitsi lofika pansi."

"Ndikulumbira pa manda a amayi."

"Manda asiye, wayamba kuwazolowera."

Ine Herlinda, Linda wa Chóforo, ndinaphunzira, ndipo maphunziro anga ankandiuza kuti chojambula pamanja chikhoza kunama koma kamera sinama. Sindinali ndekha woganiza choncho. Azakhali ake a Chóforo a kumudzi ku Hidalgo ataona kabuku kena kali ndi mwana wa mlongo wawo atagona m'bokosi, anakalembetsa misa ya maliro ake, ndipo pamene tinapitako mu Disembala anathawira m'munda wa chimanga.

Sabata ndi sabata kabuku kankatuluka, ndipo sabata ndi sabata Chóforo ankamunyamula mtsikana yemweyo. Mu nkhani ankasintha dzina, lero mwana wa dokotala, mawa mwana wa mwini famu, koma khosi linali lomwelo. Dzina lake lenileni ndinalipeza m'tizilembo ta patsamba lomaliza: Leonila Barragán. Chóforo anamutulutsa m'chitsime. Anatsika naye nsanja ya belu. Kamodzi anawoloka naye ngalande madzi ali m'chiuno, munthu amene sankadziwa kusambira. Ine amene ndinkalanda timabuku m'kalasi ndinasanduka kasitomala wosaphonya wa doña Chole, ndipo ndinkabwereka galasi lokulitsira zinthu la kusukulu kuti ndione bwinobwino pamene zala zafika sabata imeneyo.

Chóforo zinkamukomera. Kumsika amuna anzake ankamukuwira kuti, "Wosagona, wanga uja ndakusungira, udzamutenge liti?" Osamuka anayamba kuitanitsa lole yobiriwirayo dala, kuti adzauze anzawo kuti bedi lawo linanyamulidwa ndi mzukwa. Amayi oyembekezera ankawoloka msewu akamuona. Mwana wina m'kalasi mwanga anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu wonse ngati amuna anga amagona m'bokosi kapena pabedi ngati anthu. Mu Meyi 1960 wansembe wathu analalikira mwaukali za timabukuti n'kuuza makolo kuti atibweretse tiwotchedwe pabwalo la tchalitchi. Ndinapita kukaonerera. Ndinaona diresi la ukwati lija likupsa kambirimbiri, ndipo mtima unakhala pansi mpaka Lachisanu lotsatira.

Kupita kukaona ndekha kunkandichititsa manyazi. Mphunzitsi wathunthu kukasuzumira mwamuna ngati mayi wa pamsika? Koma pa 4 Ogasiti 1961 kanatuluka kabuku kamene milomo ya Chóforo inali itatsala pang'ono kukhudza khosi lija. Lachitatu pa 9 Ogasiti, nditangoweruka, ndinakwera basi choko chikadali m'manja.

Malowo anali kachipinda ka padenga pa nyumba ina yosanja. Ndinakankha chitseko osagogoda. Ndinapeza chinsalu chotuwa chitapachikidwa kukhoma, nyale zazikulu ziwiri, kamera ya miyendo itatu, ndi mwamuna wanga atapakidwa ufa kumaso, atafunda chinsalu chake chakuda. M'manja mwake munali matiresi a mwana, okulungidwa, omangidwa ndi chingwe, atakutidwa ndi nsalu yoyera. Manda panalibe, chitsime panalibe, mtsikana panalibe.

"Linda! Kwagwanji kunyumba?"

"Mwamubisa kuti?"

Don Eleuterio, kamunthu kafupi ka magalasi awiri, amodzi pamphuno ena pamphumi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinu mayi a kunyumba? Khalani pansi, mayi, si inu oyamba. Mukufuna Leonila? Ndikupatsani Leonila."

Anatsegula dirowa n'kutulutsa maenvulopu. Imodzi inali ya Leonila atakomokera kumanja, ina atakomokera kumanzere, ina akukuwa, ina akuthawa atacheuka. Anatenga chithunzi chimodzi n'kuchidula ndi kasizasi kowengera zikhadabo, mozungulira tsitsi lililonse. Anatenga chithunzi cha Chóforo cha sabata yatha, n'kumata mtsikanayo pamwamba pa matiresi. Kenako anadula zala za mwamuna wanga pa chithunzi china, n'kuzimata pachiuno pa mtsikanayo, ndipo ndi kaburashi anapaka m'mphepete monse mpaka msoko unasowa. Manda ndi mwezi ankajambula pamanja pambuyo pake.

"Amuna Lachitatu, akazi Lolemba," anatero akupukuta guluu kuzala. "Atsikanawa amabwera ndi amayi awo, amakhala apo n'kumaluka. Ndikangowasakaniza tsiku limodzi, ansembe andiwotchera nyumba. Awiriwa sanakumanepo, mayi, ngakhale pamasitepe."

Ndinapuma. Ndinatsala pang'ono kumupepesa Chóforo pomwepo. Ndikanatuluka nthawi imeneyo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma don Eleuterio anati ndikhale ndionerere, poti ndabwera kale.

"Tiye, Chóforo. Kweza pang'ono. Wakhala m'dothi zaka zana ukumudikira, lero wamupeza. Muyang'ane."

Mwamuna wanga anaweramitsa mutu. Mapewa anagwa, nsidze zinamasuka, pakamwa panatseguka pang'ono, ndipo nkhope ija inabwera, yomweyo, yathunthu. Ine ndili pampando pafupi pomwepo, mkazi amene wakhala naye zaka zisanu, iye akuyang'ana matiresi a mwana a mawanga a mkodzo.

Pobwerera tinayenda wapansi mpaka ku paki ya Alameda. Ufa unali ukadali m'makutu mwake.

"Umaganiza za ndani?" ndinafunsa.

"Liti?"

"Pamene umayang'ana chinthu chija."

"Za chakudya. Masana sindinadye."

"Nkhope ya njala ndimaidziwa, ndimaiona tsiku lililonse. Si imene ija."

Anayenda pang'ono akuganiza. Chóforo sankadziwa kunama, ndipo limenelo ndiye linali vuto lake.

"Ndiye sindikudziwa, Linda. Imangobwera yokha."

Akanakhala ndi chibwenzi, ndikanapita kukachikoka tsitsi nkhani n'kuthera pomwepo. Koma munthu ungakangane bwanji ndi matiresi? Ndipo chiyambire tsiku limenelo ndinayamba kuona chinthu chimene poyamba sindinkachilabadira. Lachisanu lililonse Chóforo ankabwera ndi kabuku kake, n'kukhala nako patebulo nthawi yaitali. Kuwerenga sankakonda, ankangoyang'ana. Nayenso ankakumana ndi Leonila tsiku lomwelo ngati ife tonse. Tsiku lina anati, osadziwa n'komwe kuti akulankhula mokweza, "Amaoneka kuti ndi munthu wabwino mtima." Msuzi wa tsiku limenelo anaumva mchere.

Ana athu aamuna awiri anabadwa pa 6 Juni 1962 ndi pa 30 Januwale 1965. Leonila anasiya ntchitoyo mu 1963, koma don Eleuterio sanafune wina. Maenvulopu aja anali odzaza, ndipo anapitiriza kudula n'kumata. Choncho ine ndinkanenepa, imvi zinkayamba, magalasi ankakhuthala, Chóforo naye ankakalamba pazithunzi zomwezo anthu akuona, koma mkwatibwiyo anakhalabe wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, khosi losalala, phazi limodzi lopanda nsapato. Kabuku komaliza kanatuluka pa 24 Novembala 1972. Wailesi yakanema inali italowa m'nyumba zambiri, ndipo timabuku totsala kwa doña Chole anthu ankakulungira tsabola. Chóforo anasunga take m'katoni pamwamba pa kabati. Anapitiriza kunyamula katundu mpaka 1991, pamene lole ija inafa iye asanatope.

Ndinkayesa kuti zatha. Koma mu Januwale 1997 kunabwera achinyamata atatu ovala zakuda, mmodzi wa ndolo pamphuno. Anamugwira dzanja Chóforo ngati akupatsa moni bishopu. Wamkulu wawo anati amapanga mafilimu oopsa, ndipo anayamba ntchitoyo chifukwa ali mwana anapeza Wosagona pansi pa bedi la agogo ake n'kukhala sabata yathunthu akukana kupita yekha kuchimbudzi. Anandionetsa kabuku kamene kale tinkakulungira tsabola, tsopano kali m'pulasitiki, kosaloledwa kugwidwa ndi manja. Anati kukhala chionetsero cha timabuku takale, ndipo akufuna Chóforo akakhale mlendo wolemekezeka.

"Ndiye pali nkhani ina yokoma, don Crisóforo," anatero wa ndoloyo. "Tawapeza doña Leonila. Ali moyo, amakhala ku Iztapalapa. Akuti simunaonanepo, n'zoona?"

Chóforo anangoyang'ana pansi, makutu atafiira.

Chionetserocho chinali Loweruka pa 8 Malichi 1997. Lachisanu lake mwamuna wanga anapita yekha kukameta, munthu amene pa ukwati wa mwana wake ndinachita kumukoka. Anasita yekha malaya. Ine ndinavala diresi langa labuluu ndi ndolo za amayi anga, ndipo m'sitima ya pansi panthaka ndinamugwira mkono njira yonse.

Anatiika kuseri kwa tebulo m'holo yodzaza ana ovala zigoba za mizukwa. Kenako khamu linapatuka, ndipo panatulukira kagogo kowonda, ka tsitsi lalifupi lopaka mankhwala ofiira, kakutsimphina ndi ndodo. Ndinayang'ana khosi. Linali la makwinya ngati langa. Ndinathokoza Mulungu chamumtima.

Anaima patsogolo pa Chóforo n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndinu amene munandithetsera ukwati?"

"Pepani mayi, ine ndinkanyamula matiresi."

"Ine ndinkagonera mipando iwiri, mutu uli lendee, mpaka ndinkaona nyenyezi. Chiunochi chinayambira pamenepo. Koma ndinu wamtalidi, eti? Ndinkayesa Eleuterio amachita kukutalikitsani."

Anatifotokozera kuti anali pa chibwenzi ndi mnyamata wa ku positi ofesi, tsiku la ukwati litadziwika kale. Mu 1960 amayi a mnyamatayo anaona kabuku kaja ka m'chitsime, ndipo mphete inaitanitsidwa. Leonila anawatengera kwa don Eleuterio, anawaonetsa kasizasi ndi guluu, koma mayiwo anati mtsikana amene mzinda wonse wamuona m'manja mwa mwamuna wina sangalowe m'nyumba mwawo. Leonila sanakwatiwe konse. Moyo wake wonse anagulitsa matikiti pa nyumba yoonetsera kanema. Ndinamumvera chisoni, ndipo chinali chisoni chenicheni. Chinatha pamene achinyamata anayamba kuwomba m'manja akuimba kuti, "Anyamuleni! Anyamuleni!" Leonila anawaopseza ndi ndodo.

"Iyayi ana inu, khalani ndi ulemu. Zinthu zimenezi ine ndi bambowa sitichitira pagulu."

Holo yonse inaseka. Chóforo anaseka mpaka misozi. Ine ndinayang'ana wotchi.

Amene anamuitanira Leonila kunyumba ndi Chóforo, pamaso panga, ndipo sindikanakana popanda kuoneka wopusa. Anabwera Lachiwiri lotsatira, kenako linalo, mpaka linangokhala tsiku lake. Ankakwera masitepe athu pang'onopang'ono, akupumira pakati, atanyamula kathumba ka mabanzi otsekemera. Chóforo ankatsitsa katoni ija, n'kuyala timabuku patebulo langa lodyera.

"Mukukumbukira tsiku lija munanditulutsa m'chitsime, don Chóforo?"

"Ndingaiwale bwanji? Munali mutanyowa, kulemera kwake!"

"Bodza, nkhalamba inu. Nanga pa nsanja ya belu paja, si inu munandigundikitsa mutu kukhoma?"

"Munkapalapata kwambiri."

Palibe chimodzi mwa zimenezi chinachitikapo. Chitsime kunalibe, nsanja kunalibe. Koma ankazikumbukira limodzi, mpaka kutsutsana za nyengo ya tsikulo. Mwamuna yemweyo ukamufunsa tsiku limene mwana wathu woyamba anabatizidwa, ankakanda mutu n'kunena kuti kunali mpunga ndi nkhuku. Ine ndinkawathirira khofi n'kukhala nawo pomwepo, sindinkachoka. Nthawi zina ndinkawakonza.

"Ka m'chitsimeko kanatuluka mu Febuluwale 1960. Ka nsanja ndi ka 1959."

"Aphunzitsi ayamba," ankatero Chóforo, onse n'kuseka.

Sanagwirane ngakhale dzanja kupatula popatsana moni. Ankatchulana "inu" mpaka mapeto. Ndinalibe chowaneneza, ndipo chimenecho ndiye chinkandisowetsa mtendere. Ndinkangoyang'anitsitsa nkhope ya mwamuna wanga Lachiwiri lililonse, kudikira kuti ija ibwere. Ikanabwera, ndikanadziwa kuti zaka zonsezi inali ya Leonila.

Lachiwiri pa 15 Juni 1999, masana, titangomaliza kudya, nyale ya kudenga inayamba kulendewera uku ndi uku. Makapu analira m'kabati. Chiyambire chivomezi chachikulu cha 1985, kuno ku Guerrero palibe amene amadikira kuti aone ngati chivomezi chikule. Panja anthu anali atayamba kale kukuwa. Leonila anayesa kudzuka, ndodo inagwera pansi pa tebulo, iye n'kubwerera pampando. Chóforo anaimirira. Anandiyang'ana ine, anayang'ana Leonila.

"Linda, tsogola! Iwe miyendo uli nayo!"

Anawerama, dzanja limodzi kumsana lina pansi pa mawondo, n'kumunyamula. Mwamuna wanga anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Ndinatsogoladi. Koma nditafika pokhotera masitepe, khoma likugwetsa fumbi, aneba akundikankha, ndinaima n'kutembenuka. Ndinkafuna kuona nkhope. Ngakhale nyumbayo ikanagwa, ndikanatembenukabe.

Ankatsika cham'mbali, phazi limodzi kenako linzake. Mano anali atawaluma, mitsempha ya pakhosi itatupa, maso ali pa masitepe, akutukwana mawu amene sindingalembe. Leonila sanakomoke, ndipo mutu sunagwere kumbuyo. Anali atamugwira khutu ndi dzanja limodzi, linalo likumumenya paphewa.

"Mundigwetsa, nkhalamba inu! Pang'onopang'ono! Mundigwetsa!"

"Khalani chete mayi, mukundiphera khutu! Iwe Linda, waimiranji pamenepo? Ukufuna ufe? Tsika!"

Nkhope ija panalibe. Inali nkhope ya kuntchito, imene ankatsitsira makabati.

Tinafika pabwalo nthaka itasiya kugwedezeka. Anthu atazindikira chimene akuona, mwana wa malemu doña Chole anakuwa kuti, "Wosagona wadzuka!" ndipo mpanda wonse unawomba m'manja. Chóforo anamukhazika Leonila pa chidebe, koma iye sanathe kuwongoka. Anyamata awiri anachita kumukweza kunyumba. Dokotala anati msana umenewo unali utatha kale, unkangodikira tsiku.

Kuyambira pamenepo nthawi yambiri ankakhala pabedi. Ndinkamutembenuza, kumusambitsa, kumupaka mafuta. Ndinapirira mpaka pa 11 Julayi. M'mawa wa tsikulo, nditamubweretsera khofi, ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ndikufunse chinthu, mdala. Usaseke."

"Ndikaseka ndimamva kupweteka. Funsa."

"Tonse awiri tikanakhala otsimphina, ukanayamba ndi ndani?"

Sanafulumire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamene ndinakhalira, matiresi atalowa pansi.

"Pa ntchito yathu, Linda, timayamba ndi katundu wolemera, mphamvu zikadalipo. Zopepuka amatha kutsitsa aliyense."

Ndinakhala kapu ili m'manja, osadziwa ngati ndimupatse kapena ndimuthire. Iye anatseka maso akumwetulira, ngati munthu amene wamaliza ntchito bwino. Ndinamupatsa. Yankho lina sindinalandire, ndipo ndinaona kuti kwa munthu ngati Chóforo limenelo linali lalikulu. Ndinalitenga.

Leonila anapitiriza kubwera Lachiwiri. Katoni inasamukira pabedi. Chóforo anamwalira Loweruka pa 27 Januwale 2001, m'mawa, ine nditamugwira dzanja. Kumanda kunabwera anthu ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera: onyamula katundu anzake okalamba, ana amene ndinawaphunzitsa, ndi achinyamata ovala zakuda oposa makumi awiri, atanyamula nkhata ya maluwa yaikulu ngati gudumu la lole. Ine ndinali kutsogolo ndi ana anga. Leonila anali mzere wachiwiri, atavala chipewa chakuda cha kaneti kophimba kumaso, chimene ine mwini maliro ndinalibe. Mwambo utatha, achinyamatawo anafola mzere kudzapepesa. Anayambira kwa Leonila.